Thobwa la Alendo ndi Magazi a Felista

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji? Abambo munawapeza? Ngati muli nawo pafupi muwauze kuti munda wawo wa thonje sitinausiye, ngakhale chaka chino mbozi zinagawana nafe pakati. Ndine Bene. Ndikulemba ndili kuno ku Balaka, m'kanyumba ka pasukulu kamene munkati n'kotentha ngati uvuni wa njerwa. Ana akulemba mayeso, ndiye masana ano ndapeza mpata wokhala nanu pansi.

Mvula yagwa kawiri chikuikireni m'manda. Ya chaka chino inadula chimanga chikumasula, moti nkhokwe sinadzaze, koma nandolo wabereka mpaka nthambi kugwa pansi. Denga la khitchini tinafolera latsopano. Mbuzi yanu yamawanga inaswa ana awiri, ndipo ikadali yakuba monga munaisiyira. Malo anu pamsika wa Ntaja sanapite kwa mlendo. Ang'ono anu, amayi a Rozina, ndiwo anatenga chiwaya chanu, ndipo akukazinga mandasi pansi pa mtengo womwe uja. Anyamata a kabaza amawaseka kuti mandasi awo safika pa anu. Iwo amangoti, "Manda mukuwadziwa, pitani mukawadzutse."

Nkhani yaikulu ndi yakuti Felista, chitsiriza wanu, wabereka mwana wamkazi. Ndinafuna timutche dzina lanu, koma amayi a Rozina anakana, ati dzinalo likadali lolemera, mwana angalephere kulisenza. Tamutcha Tadala. Ali ndi chipumi chanu, ndipo akamayamwa amakwinya nkhope ngati mmene munkachitira powerenga Baibulo maso atayamba kuvuta.

Koma pali china, ndipo ndi chimene chandikhazika pansi. Felista ali woyembekezera, kusikelo anamupeza ndi shuga wokwera m'magazi. Anamuuza kuti kwa amayi ambiri amatsika akabereka. Atabereka anakamuyezanso, ndipo anesi anati sanafike poti n'kutchedwa matenda, komanso sanabwerere pamalo pake. Anati ali pakhomo, akhoza kulowa, akhozanso kubwerera. Felista anandiuza pafoni akuseka. Ine sindinaseke. Ndinaona phazi lanu lija, kabala kamene kanayamba ndi chitsa cha nandolo n'kukana kupola, ndi mmene munkafufuzira chitseko ndi dzanja dzuwa likuswa mtengo.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikubwerera m'mabuku anga a ku yunivesite. Ine si dokotala, amayi, ndine mphunzitsi chabe wa sayansi ya zamoyo, ndipo nthawi zina ndimakayika ngati zimene ndimaphunzitsa ndimazimvetsa ndekha. Komabe ndiloleni ndikuuzeni zimene zinkachitika m'thupi mwanu, poti munkafunsa kawirikawiri kuti shuga ndi phazi zikukhudzana pati.

Thupi la munthu limasonkha moto wake. Chakudya chimasanduka shuga m'magazi, ndipo m'tizigawo ta thupi tosaoneka ndi maso shugayo amawotchedwa ndi mpweya umene timapuma kuti tipeze mphamvu. Moto uliwonse umathetheka. Uwunso umataya timoto, tinthu tolusa timene tikagwera pa mnofu kapena pa khoma la mtsempha timawaula pang'ono. Mulungu sanatisiye manja lende. Thupi limapanga lokha zozimitsira timoto timeneti, ndipo zina timazipeza m'ndiwo zamasamba, m'zipatso, mu nyemba ndi mtedza. M'mabuku amazitcha maantiokisidanti. Munthu akakhala bwino, timoto ndi zozimitsira zimalingana mphamvu, ndipo timoto tochepa tili ndi ntchito yake, poti asilikali a m'magazi amaphera tomweto tizilombo. Koma shuga akamachuluka tsiku ndi tsiku zili ngati kusonkhezera nkhuni osalekeza. Timoto timachuluka, zozimitsira zimatopa. Zoyamba kuwauka ndi timitsempha tating'ono ta m'maso, ta mu impso ndi ta kumapazi. Choipitsitsa n'chakuti kachiwalo ka kuseri kwa chifu, kamene kamapanga insulini yotsitsa shuga, kali ndi zozimitsira zochepa kuposa ziwalo zina. Kakawauka kamagwira ntchito mofooka, shuga n'kukwereranso. Ndipo zonsezi zimayamba mwakachetechete munthu akadali pakhomo paja, asanamve kupweteka paliponse.

Ndi zimenezi m'mutu ndinakwera minibasi kupita kumudzi. Nthawi ya chikuta, masiku aja mayi ndi khanda amabindikira m'nyumba mpaka mchombo utagwa, ndinali nditangopereka moni ndili panja monga mwamuna aliyense. Ulendo uno ndinalowa. Pakona pamene pankakhala dengu lanu la ufa ndinapeza mapaketi a shuga ataunjikana ngati m'golosale. Mukudziwa mwambo wake: wodzaona mwana sabwera chimanjamanja. Wina sopo, wina nkhuni, koma ambiri shuga, ndipo amene amakukondani kwambiri anabwera ndi zigubu za thobwa lothira shuga wosaumira, kuti mayi atulutse mkaka. Anthu a kumpingo, anzanu a pamsika, abale a ku Ngokwe, onse ankafuna kuonetsa kuti mwana wa malemu sali yekha. Mmawa amayi a Rozina ankamuphikira phala lotsekemera, kenaka tiyi ndi mandasi otsala dzulo, ndipo masana alendo ankayamba kufika.

Alamu anga a Laisoni, bambo a Tadala, nawonso anali atachitapo zawo. Anandikokera kuseri n'kundionetsa kabotolo ka mapilitsi kamene anagula kwa munthu wina woyenda ndi chimkuzamawu pamsika, ati otsuka magazi. "Alamu, inu ophunzira, werengani apa. Akuti muli ma anti-chiyani-chiyani omwe aja." Ndinawauza kuti ofufuza anayesapo kupatsa odwala zozimitsira za m'mabotolo, ndipo phindu lake silinaoneke bwino. Kuthira madzi pa timoto uku ukusonkhezerabe nkhuni sikuthandiza. Anandiyang'ana mwachisoni, ndipo ndinadzimva ngati ndawalanda kanthu, chifukwa anagula ndi mtima wachikondi.

Kulankhula ndi amayi a Rozina ndiye kunandikanika. Inu munkati, "Bene, mawu ukawasunga nthawi yaitali mkamwa amasanduka malovu." Ndinawasunga tsiku lonse. Pamene ndinawatulutsa, iwo akupeta mawere pabwalo, anatuluka ngati ndili m'kalasi. Ndinatchula insulini, ndinatchula mitsempha, mpaka ndinajambula pansi ndi kamtengo. Anandisiya ndimalize.

"Aphunzitsi, munayamwitsapo?"

"Iyayi, mayi."

"Ndiye mkaka mukuudziwira pati?"

Ndinati ndine mwini mbumba, Felista ndi mlongo wanga, ndiyenera kulankhulapo. Anaika lichero pansi. "Mbumba ndi yako, eya. Ukamange manda, ukaweruze za minda. Koma mwana wa achemwali anga awonde ine ndili moyo? Anthu adzati mayi atangotseka maso ana ayamba kugona ndi njala. Ena adzanena zoposa pamenepo. Ukudziwa zimene amanong'onezana mkazi akawonda atangobereka."

Ndinkadziwa. Ndinabwerera ku Balaka mmawa mwake, ndipo m'njira monse ndinkadziuza kuti mwina akunena zoona, mwina ndikukulitsa nkhani chifukwa cha mantha, mwina anesi anangonena mwachizolowezi. Ndikanatha kuzisiya pomwepo, mukundidziwa. Koma sabata imeneyo ndinkaphunzitsa za diso, ndipo pojambula timitsempha ta kuseri kwake pabolodi ndinakumbukira maso anu, n'kudziwa kuti sindingazisiye.

Loweruka ndinapitanso, koma sindinafikire kunyumba. Ndinatsikira pamsika n'kukhala pa benchi lanu lija pafupi ndi chiwaya. Amayi a Rozina sanandifunse chimene ndabwerera. Anangondipatsa mphanda ya waya kuti ndizitembenuza mandasi, monga munkandituma ndili wamng'ono. Dzuwa litakwera anaphula chiwaya n'kuyamba kukhuthulira mafuta m'chitini.

"Mukutaya?" ndinafunsa.

"Atopa. Sukuona kuda? Akuchita thovu, utsi ukubwera msanga. Ndikakazingiranso awa mandasi amveka fungo, a kabaza anditukwana."

Ndinakumbukira mawu anu akuti mafuta akatopa sanena, amangoda. Ndinawafunsa chimene chimawatopetsa, iwo n'kuti moto, nanga n'chiyaninso. Ndinati moto ndi mpweya, ndipo m'thupi mwathu mulinso mafuta, makoma a timitsempha tathu anamangidwa ndi mafuta, ndipo shuga akachuluka moto wa m'thupi umawatopetsa chimodzimodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti a m'chiwaya mumakhuthula n'kuthira ena, pamene a m'diso ndi a kuphazi simungakhuthule. Ndikudziwa kuti fanizoli silikwana, aphunzitsi anga akanapukusa mutu. Koma amayi a Rozina anaika chitini pansi n'kundiyang'ana. Ndi iwo aja ankakutsukani bala mmawa uliwonse.

"Ndiye ukuti achemwali ankapsa mkati, ife tikuwapatsa tiyi?"

Ndinati si tiyi yekha, matendawa ali ndi mizu yambiri, ina ndi ya kumtundu, ndipo palibe amene ankadziwa. Ndinati za inu zinapita, koma Felista akadali pakhomo.

"Nanga mkaka?"

Ndinati mkaka umabwera mwana akamayamwa pafupipafupi, mayi akamadya mokwanira ndi kumwa madzi, ndipo ngati sakundikhulupirira akafunse anesi. Anati adzafunsadi, chifukwa ine sandikhulupirira. Kenaka anafunsa chimene sindinachiganizireko.

"Nanga chikho cha mlendo? Munthu wafulula thobwa, wasenza kuchokera ku Ngokwe, watsanulira yekha, walawa pamaso pathu kuti tione kuti mulibe kanthu, ndiye Felista anene kuti iyayi? Ndiye kuti tamutcha mfiti. Sadzapondanso pakhomo pano, ngakhale pamaliro."

Mabuku anga onse analibe yankho, amayi. Iwo anathira mafuta atsopano m'chiwaya n'kunena kuti, "Zimenezo usiyire ine. Iwe undiuze zoti adye."

Zoti adye sizinali zachilendo. Zinali zomwe zija munkatidyetsa chaka cha njala ife tikudandaula: mgaiwa m'malo mwa ufa woyera, ndipo wochepa, ndiwo zambiri. Nandolo, khobwe, bonongwe, chisoso, nkhwani wotendera, masamba a chammwamba a kuseri kwa bafa, matemba akapezeka. Magwafa ndi mapapaya m'malo mwa mandasi. Ndinapempha kuti masamba asamathiridwe soda komanso asamaphikidwe mpaka kufera mumphika, chifukwa zozimitsira zina zimathera momwemo. Pa therere tinakangana. Amayi a Rozina anati therere lopanda soda ndi chipongwe, ndipo ndinagonja. Ndinawauzanso kuti thupi likamagwira ntchito limawotcha shuga bwino, ndipo limazolowera kupanga zozimitsira zake zambiri, choncho Felista asamangokhala pamkeka ngati mkwatibwi. Anayamba kupita kudimba mmawa, mwana kumsana.

Felista sanandikhululukire msanga. Ankandiimbira foni dala nthawi ya chakudya. "Achimwene, kodi ku yunivesite munapita kukaphunzira kumana anthu? Chisoso chimene ndikudya pano ngakhale mbuzi ya amayi ingayambe yapemphera." Tsiku lina anamwa madzi a malambe opanda shuga n'kunditumizira chithunzi cha nkhope yake. Ndikanakonda mukanachiona. Mapaketi a shuga aja anapita ku mandasi, ndipo apa mtima wanga sunakhazikike, chifukwa ndiye kuti tangosamutsira shugayo m'magazi a ana a eni. Ndinanenako. Amayi a Rozina anati ndikafuna kupulumutsa Ntaja yense ndiyambe ndawapezera ntchito ina.

Mkaka sunaphwe. Felista anatsikako thupi pang'ono, masaya aja anachepa, ndipo zimene ankaopa amayi a Rozina zinachitikadi. Tsiku la ubatizo wa Tadala, tikutuluka m'tchalitchi, mayi wina wa m'mphakati mwathu ananena mokweza kuti aliyense amve, "Koma Felista watha. Malemu akanakhalapo sizikanatere." Amayi a Rozina anangomasula mwana kumsana kwa Felista n'kumuika m'manja mwa mayiyo. "Tanyamulani uyu. Mukatopa mundiuze ngati pakhomo pathu pali njala." Tadala ndi wolemera ngati mwala wa mphero. Anthu anaseka, mayiyo nayenso anaseka, ndipo tinapita kukadya.

Sabata yatha Felista anapitanso kukayezetsa. Anesi ati shuga watsika, wabwerera pafupi ndi pamene ayenera kukhala. Amuchenjeza kuti asatayirire, azikayezetsa chaka ndi chaka, makamaka asanatenge pathupi pena, chifukwa amene anafikapo pakhomo njira amaidziwa. Sindikudziwa kuti chathandiza kwambiri n'chiti, kaya ndiwo, kaya kudimba, kaya thupi lake langobwerera lokha litapuma ku uchembere. Sindingadzitame. Koma nditamva ndinatuluka m'chipinda cha aphunzitsi n'kukaima kuseri kwa laibulale kanthawi, kuti ana asandione nkhope.

Lamlungu ndinapita kukawaona, ndipo ndi pamene ndinadziwa mmene amayi a Rozina anathetsera nkhani ya chikho. Kunabwera abiti Jafali, mnzanu uja wogulitsa mpunga, amene anali ku Mozambiki nthawi yonseyi ndipo mwana anali asanamuone. Anatsanulira thobwa, analawa, n'kulozetsa chikho kwa Felista. Amayi a Rozina anachilandirira m'njira. "Uyu achipatala amuletsa zotsekemera, abiti. Mayi wake ndine, ndimwa ine. Mkaka udzera konkuno." Anagugudiza chonse, abiti Jafali akuseka mpaka kugwira m'mimba, ndipo anawathiriranso chachiwiri. Palibe amene anakhumudwa. Felista anandinong'oneza kuti zakhala choncho ndi mlendo aliyense kuyambira Loweruka lija la pamsika.

Ndinakhala ndikuwayang'ana amayi a Rozinawo, amayi. Ndi mng'ono wanu wa bere limodzi, msinkhu ndi womwe munali nawo pamene zinkayamba, thupi ndi lomwelo. Masana amenewo anapita kukamwa madzi ku mtsuko kangapo, ndipo Felista akuti pamsika amasiyira anzawo chiwaya pafupipafupi kuti akataye madzi. Mwina ndi kutentha chabe. Mwina ndi mantha anga aja. Koma ulendo uno sindinadikire. Abiti atangotsanzika ndinati, "Mayi, zikomo chifukwa cha Felista. Tsopano tipite mukayezetse inuyo."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Iwe unayezetsa?"

Sanadikire yankho langa.

"Si iwe wotuluka m'mimba yomweyo? Taona kamimba kayamba kutsogolaka. Umadya chiyani ku Balaka, wopanda mkazi iwe? Si tchipisi ndi zakumwa za m'botolo?"

Felista anaseka mpaka mwana analeka kuyamwa. Zoona zake n'zakuti sindinayezetsepo, amayi. Ndakhala ndikuwerenga za magazi a anthu ena, anga ndikuwaopa. Amayi a Rozina anati apita pokhapokha ine nditsogole, aone ndi maso awo akundibaya chala, ndipo zimene adzandiuze anesi ndidzazinene pamaso pawo osabisa. Ndinavomera. Ndinawapemphanso kuti chikho cha mlendo chizizungulira, aliyense pakhomo amweko pang'ono, a Laisoni ndi ine tikakhalapo, m'malo moti chithere mwa munthu mmodzi. Anati aganizira, ndipo mukudziwa kuti kwa iwo kumeneko ndi kuvomera.

Tagwirizana Lachisanu, ana akamaliza mayeso. Tidzapita mmawa tisanadye kanthu, poti ndi mmene amafunira achipatala. Felista adzakhala pa chiwaya tsiku limenelo, ndipo walumbira kuti sadzalawa ngakhale limodzi, koma a kabaza ndawauza kale kuti amuyang'anire.

Ndili ndi mantha, sindikubisirani. Koma ndikulonjeza kuti ndidzatambasula chala changa poyamba, ndipo zilizonse zimene tidzamve, za ine kapena za ang'ono anu, sindidzakwera minibasi kuthawira ku Balaka. Ndidzakhala pakhomo mpaka tidziwe chochita.

Ndimakukondani, amayi, ndipo tonse takusowani. Pumulani bwino, mapazi asakupwetekeninso.

Ine mwana wanu,
Bene